Sukulu ya M'chikwama

Abale anga a ku Chipata, ine amene ndimakhalira kuyenda, lero ku Katete, mawa ku Lundazi, mkuja kudutsa pa Mwami kulowa ku Mchinji, ndinenetsa kuti luso lopanga magemu a pakompyuta silifuna nyumba yokhazikika. Godot, pulogalamu yopangira magemu imene inaperekedwa kwaulere kwa anthu onse mu 2014, ndi yopepuka, ndipo mukaitsitsa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti; chilankhulo chake, GDScript, chimafanana ndi Python. Popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinayambira pa kupanga gemu ya nsolo, umene malamulo ake ndinawadziwa ndili mwana: mu gemuyo dzenje lililonse limasunga nambala, ndipo kuponya miyala ndiko kuwonjezera umodziumodzi. Tchajani laputopu musanakwere basi, ndipo yambani ndi gemu yaing'ono imene mungaimalize.