Diso la kompyuta likachita khungu kwa Msakambewa

M'nyumba zambiri za kwa Mfumu Msakambewa, kuyambira kufupi ndi boma la Dowa mpaka kumapiri oyang'ana ku Ntchisi, simulephera kupezeka katoni ya nsapato kapena jumbo yodzaza ndi zimbale. Zina n'za kwaya ya pampingo, zimene zidajambulidwa ndi ndalama zosonkherana anthu atagulitsa soya ndi mtedza. Zina n'za chinkhoswe ndi ukwati, pamwamba pake patalembedwa mayina a eni ake ndi cholembera chakuda. M'masukulu a sekondale muli zimbale za mapulogalamu zimene zidabwera pamodzi ndi makompyuta a mphatso. Eni zimbalezi masiku ano akudandaula chinthu chimodzi. Munthu akaika chimbale mu kompyuta, kagetsi kakutsogolo kamaphethira kangapo, mkati mumamveka kuzungulira, kenaka zii. Pa sikirini pamabwera uthenga wa Chingerezi wopempha kuti muikemo chimbale, chikhalirecho chimbalecho chili momwemo.

Zikatere ambiri amagamuliratu kuti diso lowerenga chimbale lafa. Ena amakwezetsa kompyuta yonse pa kabaza kupita nayo kwa okonza pa Dowa kapena pa Mponela, ena amataya chimbale poganiza kuti ndicho chaonongeka. Onsewa amafulumira. Diso limafadi, koma kawirikawiri vuto limakhala lochepa kuposa pamenepo, ndipo munthu wodekha angathe kulipeza ali pakhomo pake asanatulutse ndalama.

Nkhani yonse yagona pa mmene chimbale chimawerengedwera. CD, imene makampani a Sony ndi Philips adaitulutsa mu 1982, ndi yotambalala masentimita 12, ndipo zonse zimene zili m'menemo zimalembedwa pa mzere umodzi wozungulira, woyambira pakati pafupi ndi chibowo n'kumatulukira kunja. Mzerewo utatambasulidwa ungapitirire makilomita 5, koma ndi wopyapyala moti maso sangauone. Kunsi kwa chimbale kumayenda kagalasi kakang'ono, ndilo diso lija, kamene kamaponya kuwala kwa laser pamzerewo n'kuwerenga kuwala kobwerera. Choyamba chimene diso limafunafuna ndi mndandanda wa zamkati, ndipo mndandandawo umakhala chapakati, pafupi ndi chibowo. Likalephera kuwerenga pamenepo, kompyuta imaona ngati mulibe kanthu, ngakhale mbali yonse yotsala itakhala yosalala. N'chifukwa chake chidindo cha chala chamafuta pafupi ndi chibowo chimatha kubisa ukwati wonse, pomwe chimbale china chokalikakalika m'mphepete chimayamba bwinobwino n'kudzangokakamira chakumapeto.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti dirayivu yowerenga CD ndi DVD yomwe imakhala ndi ma laser awiri. Ya CD kuwala kwake n'kwa mananomita 780, pomwe ya DVD n'kofiira, kwa mananomita 650, chifukwa DVD, imene idafika pamsika mu 1996, imapanikiza zinthu zokwana 4.7 GB pamalo amene CD imasungapo 700 MB. Laser imodzi ikhoza kufooka inzake ili yamphamvu. Choncho musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, sonkhanitsani zimbale zamitundumitundu, zanu ndi zobwereka kwa anansi: CD yochokera ku fakitale, CD yobena, DVD ya ku fakitale ndi DVD yobena. Dirayivu ikamawerenga ma CD n'kumakana ma DVD onse, laser ya DVD ndiyo yatopa. Ikamalandira zimbale za ku fakitale n'kumakana zobena, diso lada kapena layamba kufooka, pakuti chimbale chobena chimabweza kuwala kochepa. Ikamakana chimbale chimodzi chokha, mlandu ndi wa chimbalecho, ndipo mungatsimikize pokachiyesa pa DVD ya mnzanu kapena kwa anyamata oonetsa mavidiyo pamsika. Onaninso zimene zalembedwa kutsogolo kwa dirayivu. Makompyuta ena akale amene adabwera ngati mphatso ali ndi CD-ROM yokha, ndipo imeneyo DVD siingaiwerenge ngakhale mutaipukuta tsiku lonse.

Kupukuta chimbale nako kuli ndi njira yake. Chizolowezi chathu n'kuchiuzira mpweya n'kuchikhula mozungulira pa thalauza kapena pa chitenje, koma nsalu imene yayenda m'fumbi imakhala ndi timchenga, ndipo mkwapulo wozungulira umatsata mzere wa nyimbo n'kuuphimba mtunda wautali. Tengani kansalu kofewa ka thonje, madzi oyera ndi kadontho ka sopo, muzipukuta kuchokera pachibowo kupita m'mphepete molunjika, kenaka muchisiye chiume. Pa CD mbali yoopsa kwambiri ndi yapamwamba, yolembapo ija, chifukwa zosungidwa zili pansi penipeni pa utoto. Kulembapo ndi bolopeni molimbikira kumaboola pamenepo. Mukachikweza pa dzuwa n'kuona timabowo towala, zimene zidali pamalopo zidapita. DVD ndi yolimbako, popeza zake zimakhala pakati pa timapulasitiki tiwiri tomatikizana, kalikonse kochindikala mamilimita 0.6. Zimbale zobena zili ndi mdani winanso, dzuwa. Zimalembedwa pa utoto umene umasuluka ndi kuwala ndi kutentha, moti chimbale chosiyidwa pawindo kapena kutsogolo kwa galimoto mwezi wa Okutobala chimapindika kapena kufufutika chikuoneka chatsopano.

Mdani wamkulu wa diso kuno ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mphepo ndi akamvuluvulu zimanyamula dothi la m'misewu ndi m'minda yokolola n'kulilowetsa m'nyumba, ndipo fani ya kompyuta imalikokera mkati nthawi yonse imene makinawo ali oyaka. Onjezanipo utsi wa nkhuni, wa mbaula ndi wa koloboyi, umene umasiya kamafuta kopyapyala pa galasi kuti fumbi limatirire bwino. Mphemvu ndi nyerere nazo zimakonda kufunda kwa mkatimo. Miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kumapiri kuno kumacha ndi chifunga, kompyuta imene yagona m'chipinda chozizira ikatulutsidwira pofunda imachita mame pa diso. Imeneyo siifuna mankhwala: isiyeni yoyaka, thireyi ili yotsegula, kwa ola limodzi.

Pa laputopu kupukuta diso n'kosavuta, chifukwa thireyi ikatuluka disolo limatuluka nayo. Ndi kagalasi konyezimira, kukula kwake ngati njere ya mapira, kokhala m'kampata kopita chapakati. Zimitsani makina ndi kuzula chaja, pakuti kuwala kwa laser ya CD sikuoneka bwino koma kungavulaze maso. Tengani kathonje kapakamtengo, mukanyowetse pang'ono chabe ndi isopropyl alcohol, ndipo mukhudze kagalasiko mopepuka kawiri kapena katatu. Mudzaona kakunjenjemera, chifukwa kamalendewera pa timawaya tatsitsi timene timakakweza ndi kukatsitsa pofuna mzere. Mukakankha mwamphamvu timawayato timapindika, ndiye kuti mwapha diso limene lidangoda. Petulo, palafini, thina kapena kachasu zisayandikire, chifukwa kagalasiko ndi kapulasitiki ndipo kamachita mbuu kosabwerera. Sipiriti wapepo uja amasiya utoto wake. Musauzirenso ndi pakamwa, malovu amatsalira. Pa kompyuta yapadesiki diso limabisika mkati mwa bokosi lachitsulo, ndipo kulifikira kumafuna kumasula dirayivu yonse, ntchito yoyenera munthu amene adaigwirapo.

Makutu nawo amathandiza. Chimbale chikapanda kuzungulira n'komwe pa kompyuta yapadesiki, nthawi zina cholakwa ndi kalamba ka labala kamene kamakoka thireyi. Kalamba komweko ndiko kamakweza makina kuti agwire chimbale, ndipo kakakalamba kamatereka: thireyi imalowa koma chimbale sichigwidwa. Kusintha kalambako ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kugula dirayivu ina. Thireyi ikakanirira mkati musaikanule ndi mpeni. Kutsogolo kuli kabowo kakang'ono, lowetsanimo kawaya kowongoka ndipo itseguka. Pa laputopu onetsetsani kuti mwadinikiza chimbale pakati mpaka chitalira kuti tha. Ndipo chimbale chong'aluka pachibowo chisalowe m'dirayivu yapadesiki, chifukwa zolembedwa 48x kapena 52x zimazungulira pafupifupi ka 10,000 pa mphindi ndipo chingaphulikire mkati.

Mavuto ena adayambira pa tsiku lobena. Chimbale chimayenera kutsekedwa pomaliza kulemba, ndipo chosatsekedwa chimawerengeka pa makina amene adachilemba koma pena n'kumaoneka chopanda kanthu. Ichi chimachitika kwambiri ndi tizimbale ting'onoting'ono ta makamera ojambulira maukwati. Windows nayo, pobena, imafunsa ngati chimbale chidzagwire ntchito ngati fulashi kapena chidzaseweredwe pa CD kapena DVD wamba, ndipo wosankha njira yoyambayo amapatsa kasitomala chimbale chimene wailesi yakunyumba siichidziwa. Mankhwala ake n'kubwerera kwa wojambulayo akachitseke.

Pali zimbale zinanso zimene kompyuta imaziona ndithu koma filimu osaonetsa. Opanga mafilimu adagawa dziko lapansi m'zigawo: Malawi ali m'chigawo 5, South Africa m'chigawo 2, America m'chigawo 1. DVD yogula m'sitolo ku Joni imene achimwene atumiza ikhoza kukanidwa pachifukwa chimenechi. Dirayivu imalola kusintha chigawo kasanu kokha, kenaka imakhazikika pa chomaliza, choncho musamasinthesinthe. Komanso kuyambira pa Windows 8, ya mu 2012, Microsoft idachotsa pulogalamu yoonetsera ma DVD. Ambiri amene adachoka pa Windows 7 adaganiza kuti dirayivu yawo yafa, pomwe chosowa chidali pulogalamu ngati VLC, imene ndi yaulere.

Zikakhala kuti dirayivu yeniyeniyo siikuoneka pa kompyuta, yang'anani kaye mu BIOS poyatsa makina. Ikasowa m'menemo, ganizirani mawaya. Kompyuta imene yagwedezeka pa njinga m'misewu yathu yamabampu imakhwefuka waya wa SATA, kapena chilamba chotambalala cha IDE cha mapini 40 pa makina akale, ndipo kuzula n'kulumikizanso kumathetsa nkhani. Ikamaoneka mu BIOS koma Windows osaiona, tsegulani Device Manager. Kachizindikiro kachikasu kokhala ndi nambala 19, 31, 32, 39 kapena 41 kawirikawiri kamatanthauza kuti mapulogalamu obenera zimbale, oikidwa ndi kuchotsedwa mosalongosoka, adasiya zotsalira. Kuichotsa dirayivu pamndandandawo n'kuyatsanso kompyuta nthawi zina kumakwanira. Zikakanika, wodziwa amafufuta mizere iwiri ya mu registry yotchedwa UpperFilters ndi LowerFilters, njira imene Microsoft yomwe idafalitsa. Apa ndiyenera kudzudzula chizolowezi cha okonza ena chothamangira kufomata kompyuta yonse pa vuto lililonse. Mphunzitsi amataya mayeso ndi malipoti a ana a zaka zingapo chifukwa cha dirayivu imene ikadachira m'mphindi zochepa. Wokonza akatchula zofomata, mufunseni ngati wayesa zimbale zina, wapukuta diso ndiponso wayang'ana mu BIOS.

Magetsi asaiwalike, makamaka kwa ogwiritsa ntchito sola ndi batire. Injini yozunguza chimbale imakoka mphamvu zambiri poyamba, ndipo batire ikatsika madzulo chimbale chimayamba kuzungulira n'kuima. Madirayivu apadera olumikiza pa USB amavutikanso chimodzimodzi, chifukwa doko la USB 2.0 limapereka 500 mA basi. N'chifukwa chake ena amabwera ndi waya wa mitu iwiri, ndipo mitu yonseyo iyenera kulumikizidwa.

Zonsezi zikalephera, diso lafadi, ndipo kusintha dirayivu kumaposa kulimbana nayo. Koma apa ndiye pali nkhawa yanga yaikulu. Kuyambira pamene Apple idatulutsa MacBook Air yopanda polowetsa chimbale mu 2008, makampani ena adatsatira, moti malaputopu ambiri atsopano alibiretu malowo. Madirayivu amene tikudalira ndi a m'makompyuta a kaunjika, ogwira kale ntchito zaka zambiri kunja, ndipo laser iliyonse imafooka ndi ukalamba. Tayerekezani zimbalezi ndi zolembedwa papepala: Mishoni ya Kongwe idatsegulidwa ndi Robert Blake mu 1894, ndipo kalata kapena buku lolembedwa ndi inki m'masiku amenewo, ngati chiswe chidalileka, munthu angaliwerenge lero ndi maso ake okha. Chimbale cha kwaya chojambulidwa zaka 15 zapitazo sichilankhula popanda makina, ndipo makinawo akutha msanga kuposa zimbalezo. M'menemo muli mawu a anthu amene adatisiya, magule a pa kulonga ufumu, nkhope za agogo akuvina pa chinkhoswe cha mdzukulu wawo. Zambiri mwa izi kulibe kwina kumene zidasungidwa.

Nyimbo za oimba zogula zili ndi eni ake, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 pamodzi ndi bungwe la COSOMA zimaziteteza, choncho sindikunena zochulukitsa ntchito za ena n'kumagulitsa. Ndikunena za zanu, zimene mudalipira wojambula kuti akusungireni.

Inu alembi a mipingo, aphunzitsi akulu ndi makolo, tsiku limene dirayivu yavomera kuwerenga chimbale chanu musangokhala pansi n'kuonera. Koperani zonse nthawi yomweyo. Ngati ndi DVD ya vidiyo, tengani foda yonse yolembedwa VIDEO_TS, musasankhemo fayilo imodzi. Sungani malo awiri osiyana, pa kompyuta ndi pa fulashi kapena memori khadi, chifukwa fulashi nayo imafa mosachenjeza, ndipo kope lina mupatse mbale wanu wokhala nyumba ina. Chimbalecho chibwezereni m'chikuto chake, muchiimike pamthunzi, kutali ndi utsi. Yambani ndi zimbale zobena zakale kwambiri, chifukwa ndizo zili pafupi kufufutika.