Dera la phungu la Dowa la mu 1961: pomwe mavoti adayambira

Pachisankho cha pa 15 Ogasiti 1961, boma lonse la Dowa lidali dera limodzi lokhala ndi phungu mmodzi. Nthawi imeneyo bomali lidali lalikulu kuposa lero, chifukwa lidayambira kuzigwa za fodya za ku Mponela, kudutsa mapiri a Kongwe ndi Mvera, mpaka kutsikira kunyanja cha ku Salima. Anthu a mafumu monga Msakambewa, Chiwere, Dzoole ndi Kayembe onse ankayang'ana kwa munthu mmodzi woti akawayankhulire ku Zomba, komwe kudali nyumba ya malamulo.

Derali lidabadwa kuchokera ku zokambirana za ku Lancaster House, mumzinda wa London, mu 1960. Kumeneko Dr Hastings Kamuzu Banda ndi nduna ya Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod, adagwirizana za malamulo atsopano a dziko la Nyasaland. Malamulowo adakhazikitsa mipando 28 yochita kusankha. Mipando 8 idali ya kaundula wa anthu achuma ndi ophunzira kwambiri, omwe ambiri adali Azungu ndi Amwenye, pomwe mipando 20 idali ya kaundula yemwe ambiri adali eni nthaka. Dowa idali umodzi mwa mipando 20 imeneyi.

Sikuti aliyense wamkulu adaloledwa kuvota. Olembetsa adayenera kukhala odziwa kulemba ndi kuwerenga komanso okhala ndi kachuma kapena mbiri yokhoma msonkho, kupatulapo magulu ena monga mafumu, anyakwawa ndi asilikali opuma. Motero m'dziko lonse olembetsa adangoposa pang'ono 100,000, ndipo amayi ambiri a m'midzi adatsala kunja. Komabe nkhani ya chisankho idafika pabwalo lililonse, pakuti anthu adali atatopa ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland komanso malamulo a malimidwe omwe ankalipiritsa kapena kumangitsa mlimi chifukwa cha mizere ya m'munda mwake. Chipani cha Malawi Congress, chokhala ndi chizindikiro cha tambala wakuda, chidatenga mipando yonse 20, kuphatikizapo wa Dowa.

Moyo wa derali udali waufupi. Pokonzekera ufulu wa pa 6 Julaye 1964, munthu aliyense wamkulu adapatsidwa voti, ndipo mipando ya kaundula wa anthu onse idakwera kufika pa 50. Maboma okhala ndi anthu ambiri adagawidwa, ndipo dera limodzi lija la Dowa lidathera pomwepo. Chaka chimenecho sipadachitike kuponya voti, popeza oimira chipani cha Congress adalowa opanda opikisana nawo. Kuyambira mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, ndipo mpikisano pakati pa anthu a chipani chomwecho udayamba mu 1978, pomwe mipando idali 87.

Ndale za zipani zambiri zitabwerera pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, mipando idafika 177 mu 1994, kenako 193 mu 1999. Pofika chisankho cha 2019, Dowa idali ndi madera asanu ndi awiri: kummawa, kummwera chakummawa, kumpoto chakummawa, pakati, kumadzulo, kumpoto ndi Ngala. Mwa aphungu ochokera m'maderawa mudatuluka nduna monga Jean Kalilani, Halima Daud, Sam Kawale ndi Richard Chimwendo Banda.

Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa. Potsatira kuchuluka kwa anthu m'dziko lonse, bungwe la Malawi Electoral Commission lidaunikanso malire, ndipo pachisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 madera adakwana 229. Malo omwe mu 1961 adali ndi phungu mmodzi wosankhidwa ndi anthu owerengeka, lero ali ndi aphungu angapo, ndipo aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo ali ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota.