Nkhwazi yaoneka ngati kadontho: kodi vuto ndi kamera?

Tiyerekeze kuti kalabu yanu ya zachilengedwe yapita ku Liwonde National Park. Muli m'boti pamtsinje wa Shire, nkhwazi yatsika n'kuwakha nsomba, inu mwadina kamera. Pobwerera kusukulu mukuonetsa anzanu, koma pachithunzipo pangooneka kadontho. Apa ambiri amati, "Aaa, kamera yangayi yatha, ndigule ina basi." Dikirani kaye. Ndalama zake si zamasewera, ndipo yatsopanoyo ikhoza kukupatsani kadontho komweko.

Yambani mwaona chomwe chalakwika pachithunzicho.

Ngati nyama yaoneka yaing'ono, nkhani ndi lens, galasi lakutsogolo lija. Pa lens pamakhala nambala ya mamilimita. Ya 300mm imakuza chinthu ka 6 kuposa ya 50mm, n'chifukwa chake ojambula mbalame amakonda za 400mm mpaka 600mm. Zoom ya mafoni ambiri imangodula kachigawo ka chithunzi n'kukakulitsa, sikuti imabweretsa nthenga zomwe galasi silinazione. Kamera yodula yokhala ndi lens yaifupi siyingathetse vutoli.

Ngati chithunzi chaoneka mwachimbuuzi, onani shutter, kachitseko kolowetsa kuwala. Kakatseguka kwa 1/60 ya sekondi, mapiko a nkhwazi amakhala atasuntha kale. Mbalame youluka imafuna 1/1000 kapena 1/2000. Kusintha nambala imeneyi n'kwaulere.

Komatu kachitseko kakamatseka msanga, kuwala kolowa kumachepa. Ndiye pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukulitsa bowo la lens: f/2.8 imalowetsa kuwala kowirikiza ka 4 kuposa f/5.6. Yachiwiri ndi kukweza ISO, koma ikakwera kwambiri chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga.

Apa ndi pomwe sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera, imalowerapo. Sensa yotchedwa full frame ndi ya 36mm ndi 24mm, pomwe ya APS-C ndi pafupifupi 23mm ndi 15mm. Yaikuluyo imasonkhanitsa kuwala kochuluka, ngati beseni ndi kapu pamvula, choncho imachita bwino m'mbandakucha. Koma yaing'onoyo musaipeputse: lens ya 300mm pa APS-C imaonetsa ngati ya 450mm kapena kupitirira pang'ono.

Nanga mamegapixel omwe ogulitsa amakonda kutchula aja? Kuti musindikize chithunzi chooneka bwino papepala la A4, mamegapixel 9 ndi okwana. Ngati yanu ili ndi 18 kapena 24, vuto si limenelo.

Ndiye kamera yatsopano imafunika liti? Ngati lens ndi yaitali kale, shutter mwaitchera bwino, koma kamera ikulephera kutsatira mbalame youluka, kapena zithunzi zonse za m'mamawa zikudzaza mchenga uja. Pamenepo malire ndi a kamerayo. Ngati sizili choncho, ndalamazo zipite ku lens, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito.

Chomwe simuyenera kuchita ndi kufupikitsa mtunda ndi miyendo yanu. Mvuu kapena njovu yokhala ndi mwana siidziwa kuti mwangobwera kudzajambula. Mverani wokuperekezani.

Sabata ino yeserani pa akhwangwala a kuseri kwa khitchini ya sukulu. Jambulani mmodzi akuuluka pa 1/60, kenako pa 1/1000, muyerekeze zithunzi ziwirizo musanapemphe makolo ndalama.