Tayala logwira msewu limatha msanga

Galimoto, kaya ili ndi injini yamphamvu chotani, imaponda msewu pamalo anayi okha, ndipo malo alionse sasiyana kwenikweni ndi chikhatho cha munthu. Mabuleki ndi chiwongolero zimadalira zikhatho zinayizo.

Matayala a galimoto zaliwiro amapangidwa ndi labala wofewa. Akafunda, labalayo amalowerera m'timipata ta phula n'kumatirira, ndipo galimoto imakhota osaterereka. Koma kumatirirako ndi kumenenso kumadya tayala, poti paulendo uliwonse labala wina amatsala pamsewu. Labala wolimba amakhalitsa, kungoti mukaponda buleki mwadzidzidzi galimoto imakaimira pataliko. Chiyambire 1992, pamene kampani ya Michelin idatulutsa matayala osakaniza ndi silica, vutoli lachepako, makamaka pamsewu wonyowa, koma silinathe.

Musanafunse mtengo, gwadani muwerenge m'mbali mwa tayalalo. Ambiri amakhala ndi mawu oti Treadwear, muyezo wochokera ku America. Lolembedwa 200 limayenera kutha msanga kusiyana ndi la 400, ngakhale kuti manambalawa amathandiza pofananiza matayala a kampani imodzi, chifukwa kampani iliyonse imadziyezera yokha. Pafupi pake pali Traction, yosonyeza mmene tayala limaimira pamsewu wonyowa: AA ndiye pamwamba, kenako A, B ndi C. Chilembo chotsatira saizi chimanena liwiro limene tayala lingapirire. V ndi makilomita 240 pa ola, W ndi 270, Y ndi 300. Kulipirira Y pagalimoto yongozungulira m'tauni, kwa ine, n'kuwononga ndalama.

Mvula ndiyo imaulula tayala. Ngalande za patayala zimakankhira madzi kumbali. Zikadyeka, madzi amalowa pansi, tayala n'kuyandama, ndipo chiwongolero chimangopepuka m'manja. M'ngalandemo muli timabampu ta mamilimita 1.6. Tayala likadyeka mpaka kufanana nato, latha, ndipo pamvula limakhala litayamba kale kufooka lisanafike pamenepo.

Matayala opyapyala m'mbali, monga 225/40 R18, amakongola ndithu, koma khoma lake ndi masentimita 9 basi. Tayala lotere likagwera m'dzenje paliwiro limatupa chotupa m'mbali, mwinanso rimu n'kupindika, ndipo chotupa chotere sachimata chigamba.

Kuno kwathu ambiri timagula matayala a kaunjika, ndipo apa m'pofunika maso. Pezani pamene palembedwa DOT, muwerenge manambala anayi omalizira: 2319 akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala amauma ndi zaka ngakhale ngalande zikuoneka zakuya, ndipo opanga ambiri amati tayala lisapitirire zaka khumi. Galimoto zina zochokera ku Japan zimabweranso ndi matayala a m'nyengo ya chipale chofewa, olembedwa Studless. Pa phula lotentha la mu Okutobala amenewa amafewa mopitirira, amachedwa kuima, ndipo sachedwa kusalala.