Kamba, nsato ndi bilimankhwe si ziweto za pakhomo

Abale ndi alongo a ku Kanyama, nthawi zina munthu amabwera ndi kamba m'thumba kapena kamwana ka nsato m'bokosi, n'kunena kuti tigule zoseweretsa ana. Tisanatulutse ndalama, tidziwe zimene lamulo likunena ndi cifukwa cake.

Lamulo la 2015, lochedwa Zambia Wildlife Act, limaletsa kugwira, kusunga kapena kugulitsa nyama zakuthengo popanda cilolezo. Wosunga ali ndi mlandu ngakhale atacita kugula. Zilolezo zimacokera ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene likulu lake lili ku Chilanga ndipo inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Kutumiza nyamazi kunja kumatsatanso pangano la maiko la CITES, limene Zambia ili m'menemo kuyambira 1981.

N'cifukwa ciani malamulo ali olimba conco? Coyamba, kamba amakula pang'onopang'ono, ndiye akagwidwa ambiri, thengo limatsala lopanda kamba kwa zaka. Caciwiri, nyama zokwawa zimanyamula tizilombo ta salimonela, timene timatsegula m'mimba, makamaka mwa ana. Cacitatu, mwini akatopa nayo nyama amangoitaya.

Zotsatira za kutaya zinaoneka ku Florida, m'dziko la America. Nsato zocokera ku Asia zinkagulitsidwa kumeneko ngati ziweto. Zina zinathawa, zina zinatayidwa, ndipo zinaswana m'madambo a Everglades n'kudya akalulu, mbalame ndi nyama zina zambiri. Mu 2012 boma la America linaletsa kulowetsa nsatozo m'dziko, koma mpaka lero akulimbana nazo.

Kwathu kuno nyumba n'zothithikana, ndipo mvula ikagwa madzi amasefukira mpaka m'makomo. Njoka yotayidwa mu ngalande siikhala komweko. Mawa ipezeka pamene ana amasewera, kapena m'khola la nkhuku la mnansi.

Conco tisagule. Ngati nyama tili nayo kale, tisaitaye usiku, koma tidziwitse a Dipatimenti kuti aitenge. Tikaona njoka yaikulu pakhomo, ticotse ana, tiime patali ndi kuitana a Dipatimenti kapena apolisi. Tisaunjike zinyalala pafupi ndi nyumba, pakuti zimaitana makoswe, ndipo njoka zimatsata makoswe. Ana ofuna kuona ng'ona ndi nsato tingapite nawo ku Kalimba Reptile Park, kunja pang'ono kwa Lusaka.