Ulendo wa Agogo ku Chipanga: Wakale ndi Walero

Sukulu za ku Mozambique zikatsekera kumapeto kwa chaka, m'magalimoto a chapa otsetsereka kuchokera pa Zóbuè kupita ku Moatize mumapezeka okalamba atapanira nkhuku m'khwapa, kathumba ka ufa kali pamiyendo. Akukadyera Khirisimasi kwa ana ndi adzukulu. Ambiri mwa iwo msewuwu sakuuyenda koyamba. Anauyendapo ali achinyamata, pamene migodi ya malasha ya ku Chipanga ndi njanji ya ku Moatize zinkakokera anthu a kumapiri kuchigwa chotentha, ena n'kukwatira komweko, Mchewa ndi Mnyungwe n'kumanga banja limodzi. N'chifukwa chake agogo oterewa sakhala chete m'galimoto. Mlatho uliwonse amaudziwa, phiri lililonse ali nalo nkhani. Akuyenda ulendo wa lero uku akufotokoza wakale, ndipo maulendo awiriwa tikawaika pamodzi mosakondera, uliwonse uli ndi pamene ukuposa unzake.

Pa nkhani ya nthawi palibe mkangano. Kuchokera pa Zóbuè kukafika ku Moatize pali makilomita pafupifupi 100, ndipo lero msewu wa EN7 ndi watala. Wonyamuka m'mawa nsima ya masana amakadyera kwa ana ake. M'nthawi ya atsamunda a Chipwitikizi munthu wamba ankadalira miyendo yake, njinga ngati anali nayo, kapena lole ya wamalonda yomwe inkabwera tsiku lomwe yafuna. Njira yomweyi ndi yomwe ankadzera amuna a ku Nyasaland opita kukafuna ntchito ku Salisbury, n'kumawoloka Zambezi pa pantoni ku Tete, mpaka mlatho wolenjekeka womwe lero umatchedwa Samora Machel utamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Sitima idafika ku Moatize mu 1949 kuchokera ku Dona Ana, koma inali yolunjika kumwera, ku Beira. Wa ku Zóbuè sinkamuthandiza kwenikweni. Lero magalimoto akuluakulu ali ndi mlatho wachiwiri, wa Kassuende, womwe udatsegulidwa mu 2014, ndipo sitima zazitali za malasha zimadutsa m'Malawi kukatula katundu ku Nacala.

Palibenso mkangano pa za makalata. Atsamunda ankafuna kabuku ka chiphaso kotchedwa caderneta m'thumba mwa mwamuna aliyense wochoka kwawo. Dziko litalandira ufulu mu 1975, padadza guia de marcha, kalata yomwe munthu ankakapempha kwa akuluakulu a dera lake, yonena komwe akupita ndi chifukwa chake. Kukaona mdzukulu wobadwa kumene kunkayamba ndi kupempha chilolezo, ndipo panjira kalatayo inkaonetsedwa pa chotchinga chilichonse. Lero agogo amangomangirira chiphaso chawo chaunzika pakona pa chitenje. Ochokera tsidya la Mwanza amadinditsa pachipata n'kupitirira.

Nkhani ya mantha ndiyo imatenga nthawi yaitali agogo akayamba kuifotokoza. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo ili mkati, galimoto sinkayenda yokha pamsewu uwu. Onse ankadikira koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ambiri a iwo ochokera ku Zimbabwe, kuchokera pachipata cha Nyamapanda mpaka pa Zóbuè. M'mbali mwa msewu munali zigoba za malole otenthedwa, ndipo kupatuka pang'ono kukadzithandiza kunali kuika moyo pachiswe chifukwa cha mabomba okwirira. Ambiri sadayende n'komwe pamsewu: adadzera tinjira ta m'mapiri usiku, ana kumbuyo, kulowa m'Malawi, komwe othawa nkhondo adapitirira miliyoni imodzi. Ena adakhala kwa abale m'midzi ya ku Mwanza, ena m'misasa monga Chifunga ndi Luwani, mpaka mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Komabe agogo anzeru sanena kuti msewu wa lero ulibe zoopsa. Akamadutsa pa Caphiridzange amatsitsa mawu, chifukwa pa 17 Novembala 2016 thanki ya mafuta yopita ku Malawi idaphulika pamenepo n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo a m'midzi yozungulira. Amakumbukanso kuti mu 2015 ndi 2016 mfuti zidamvekanso cha ku Nkondezi, anthu n'kuthawira ku Kapise m'boma la Mwanza, msasa wa Luwani womwe udali utatsekedwa n'kutsegulidwanso. Kusiyana kwake n'kwakuti zoopsa za lero zimabwera mwa apo ndi apo, pamene nthawi ya koluna munthu ankatsanzika ngati sadzabwerera. Pa mfundo zitatuzi, nthawi, makalata ndi mantha, ulendo wa lero wapambana, ndipo palibe wokalamba yemwe angapemphe kuti zakalezo zibwerere.

Katundu wa m'manja ndiye sadasinthe kwenikweni. Kumapiri kumagwa mvula yabwino, kotero wotsika amatenga ufa wa chimanga cha makolo, nyemba, mbatatesi ya ku Tsangano ndi Angónia, ndi nkhuku yoti adzukulu alawe. Pobwerera amanyamula za kuchigwa: nsomba zouma za ku Cahora Bassa, malambe, masau ouma, sopo, shuga ndi chitenje chatsopano chomwe mpongozi wagula. Chomwe chidasintha ndi uthenga. Kale mlendo ankangotulukira pabwalo, fumbi lili m'miyendo, ndipo atamwa madzi ankayamba malonje: wabadwa ndani, wamwalira ndani, mvula idayamba liti, ng'ombe ya uje idagwidwa ndi fisi. Usiku woyamba wonse unkathera pamenepo. Lero ndalama yokwerera imabwera pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo foni imalira katatu galimoto isanafike pa Mussacama. "Mwafika pati, amayi?" Maliro ndi ukwati zonse zidamveka kale tsiku lomwe zidachitika. Izi n'zabwino ndithu. Palibe mwana yemwe amafuna kumva za imfa ya malume ake patapita miyezi. Koma zikutanthauza kuti agogo akafika alibe zatsopano zoti anene. Chomwe ali nacho chomwe foni siingabweretse ndi zakale zokha.

Apa ndi pomwe nkhani ya Chipanga imavuta. Ulendo wakale, ngakhale unali wowawa, unkathera pamalo odziwika. Chipanga idali pafupi ndi tauni ya Moatize ndi msika wake, madzi a Revúbuè ndi timitsinje tina sanali kutali, anthu ankalima madimba, kuotcha makala, kuumba ndi kuotcha njerwa zogulitsa. Sikuti kunali kokoma kokhakokha. Migodi yapansi yomwe inkatchedwa ndi dzina la mudziwu idaphulika mu 1976 ndi mu 1977 n'kupha anthu oposa 100, ndipo amasiye a nthawi imeneyo ena ndi agogo a lero. Koma wobwera kudzacheza ankadziwa mtengo wokhotera, chitsime chotungira, ndi khomo loti akaodire.

Kampani ya Vale ya ku Brazil idapatsidwa malo a malasha a Moatize mu 2004, ndipo pakati pa 2009 ndi 2010 idasamutsa mabanja 1,365 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe kuti ikumbe mgodi wapamtunda. Mabanja oposa 700 omwe adaonedwa kuti ndi alimi adapita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Pafupifupi 300 omwe adaonedwa kuti amadalira tauni adapatsidwa nyumba ku 25 de Setembro, m'tauni momwemo. Otsalawo adalandira chipukuta misozi mwa njira zina. Anthu omwe ankapemphana moto ndi mchere adapezeka atalikirana ulendo wa galimoto.

Kwa agogo ochokera ku Zóbuè, Cateme ili pafupi kuposa Chipanga yakale, chifukwa munthu amatsika asanafike ku Moatize n'kupatukira kumeneko. Amapeza nyumba za simenti ndi malata zondandalikidwa m'mizere, sukulu ndi chipatala, zinthu zomwe mayi aliyense amafunira ana ake. Amamvanso madandaulo omwe anthu a kumeneko akhala akunena poyera: makoma omwe adayamba kung'aluka nyumba zikadali zatsopano, minda yamiyala, kuvuta kwa madzi, ndi kutalika kwa msika woti munthu akagulitse makala kapena kupeza ganyu. Pa 10 Januwale 2012 anthu mazanamazana a ku Cateme adatseka njanji ya malasha pofuna kuti malonjezo akwaniritsidwe, ndipo mu 2013 oumba njerwa nawo adatseka njira zolowera kumgodi podandaula za chipukuta misozi chawo. Zina zidakonzedwa pambuyo pake, zina zikukambidwabe, ndipo mgodiwo udagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Ku 25 de Setembro moyo ndi wa m'tauni: msika uli pafupi, koma ndiwo iliyonse ndi yogula, ndipo fumbi la malasha ndi kugunda kwa miyala yophulitsidwa ndi zomwe anthu a ku Moatize amadandaula nazo kawirikawiri. Agogo omwe ali ndi mwana kuno ndi wina uko amagawa masiku awo pawiri, Khirisimasi kwina, Chaka Chatsopano kwina, n'kumasamala kuti wina asaone ngati wakonderedwa mnzake.

Tsono kusiyana kwenikweni kwa maulendo awiriwa kuli apa. Zomwe agogo amakumbuka za pamsewu zili ndi mboni. Phiri la Zóbuè lilipo, mitsinje ilipo, mphambano ya ku Angónia ilipo. Akaloza n'kunena kuti apa tidagona podikira koluna, mdzukulu amaona malowo ndi maso ake. Zomwe amakumbuka za kumudzi komwe adasamutsidwa zilibe mboni yotere. Komwe kunali mabwalo ambiri kuli mpanda wa mgodi, maenje akuya ndi milu ya dothi yotalika kuposa mitengo. Mwana wobadwira ku Cateme chaka cha 2010 chitadutsa akafunsidwa kwawo amayankha kuti ku Cateme, ndipo sakunama. Za Chipanga amazimva ngati nthano, kwa makolo otopa omwe nthawi zambiri amaitchula pokhapokha akudandaula za chipukuta misozi. Agogo obwera kudzacheza amaifotokoza mwa mtundu wina, chifukwa iwo ankaifika ngati alendo: amakumbuka yemwe adawalandira katundu, nyumba yomwe adagonamo atabwera kudzaonekera ukwati, ndi gule yemwe adavinidwa usiku umenewo.

"Agogo, nanga mudziwo unali mbali iti?"

"Iwe mwamuna wanga, ukuona mulu wakudawo? Kuseri kwake ndi komwe ndidakasiya amayi ako akukwatiwa."

Mdzukulu amaseka chifukwa chotchedwa mwamuna wa agogo ake, monga mwa nthabwala za kwathu, koma yankholo salipeza kwina kulikonse.

Tisaiwale kuti chikumbumtima cha wokalamba chimasankha. Njala ya m'zaka za nkhondo, mizere ya pa sitolo yopanda kanthu, mwana womwalira panjira yopita kuchipatala, zonsezi zimatha kuphimbika ndi kukoma kwa unyamata. Wofunsa bwino safunsa zokoma zokha. Amafunsanso kuti madzi ankatungidwa kuti mwezi wa Okutobala, sukulu inali patali bwanji, ndani adatsikira mumgodi osatulukanso. Agogo ambiri amayankha moona akafunsidwa molunjika, ndipo mwana yemwe wamva mbali zonse ziwiri sakula akulira mudzi womwe sadauone, komanso sakula akuganiza kuti mbiri ya banja lake idayamba tsiku lomwe malole osamutsa anthu adafika.

Mlendo ndi mame, adatero akale, ndipo mlendo wa Disembala ndiye sachedwa n'komwe, chifukwa kumapiri chimanga chikudikira kupalira. Masiku ochepawo mabanja ambiri amawathera pa kuphika, kutchalitchi ndi pa wailesi ya kanema, agogo atakhala pamkeka akuyang'anira makanda. Palibe cholakwa pamenepo, koma pali chinthu chosavuta chomwe ulendo wa lero umalola chomwe wakale sunkalola. Msewu ndi wotseguka, safuna kalata, ndipo mtengo wa mpando umodzi wa chapa banja likhoza kuukwanitsa. Mdzukulu wosinkhukirapo angathe kutumidwa kukawatenga agogo pa Zóbuè kapena kuwaperekeza pobwerera, akhale nawo pafupi ndi zenera, afunse dzina la mtsinje uliwonse, ndipo ngati iwo alola, ajambule mawu awo pa foni yomwe ija imawafunsa kuti afika pati.

Tala, milatho ndi mtendere zidakonza mbali ya ulendo yomwe boma ndi ndalama zingathe kukonza, ndipo okalamba amayamikira zimenezi kuposa ife chifukwa amadziwa mtengo wake. Mbali inayo, yodziwa kuti ndani ankakhala pati ndipo abale adafika bwanji komwe ali lero, palibe kampani kapena ofesi yomwe idzaisunge m'malo mwa banja. Anthu omwe adaona Chipanga ili mudzi wathunthu, adakwerapo koluna, ndipo akutha kukwera chapa lero, akuchepa chaka ndi chaka. Banja lomwe lili nawo mmodzi liwafunse Khirisimasi ino.