Kodi Mphunzitsi Angalipire Bwanji Digiri Yachiŵiri ya Psychology?

Mphunzitsi aliyense amakumana ndi mwana amene wakhala zaka zitatu m'Sitandade 2 koma saŵerenga, kapena mtsikana amene adasiya kuyankhula m'kalasi chimwalirire mayi ake. Maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, otchedwa Psychology, ndiwo amatsegula maso a mphunzitsi pa zovuta zotere. Akatswiri ake ngoŵerengeka m'Malaŵi muno, ndipo ambiri ali m'mizinda. Ena mwa inu amene mukuphunzira uphunzitsi ku Bembeke ndi m'makoleji ena mukulakalaka kudzafika pa digiri yachiŵiri, ija ya Masters. Tsono ndalama zake zidzachokera kuti?

Choyamba, dziŵani kuti setifiketi ya uphunzitsi wa ku pulayimale siifikitsa munthu pa Masters. Pamafunika digiri yoyamba, ndipo mabungwe othandiza amafuna kuti digiriyo ikhale yokhoza bwino. Njira yake imadzera ku Domasi College of Education, ku Nalikule, ku Mzuzu University kapena ku University of Malawi ku Zomba, kumene kuli nthambi ya Psychology. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limakongoza makamaka ophunzira a digiri yoyamba. Motero musaliŵerengere pa digiri yachiŵiri musanafunse.

Njira yoyamba yolipirira ndiyo ya boma. Mphunzitsi wolembedwa ntchito ndi boma angathe kupempha tchuthi cha maphunziro, napitiriza kulandira malipiro ake ali pa sukulu. Pempho lotere limadzera kwa mphunzitsi wamkulu, kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera, ku ofesi ya maphunziro ya pa Dedza, kufikira ku Capital Hill. Wololedwa amalonjeza kuti akamaliza adzabwerera pa ntchito yake kwa zaka zoikika. Amene anyamuka chilolezo chisanatuluke amaika ntchito yake pangozi.

Njira yachiŵiri ndiyo thandizo la mabungwe akunja. Commonwealth Scholarship idayamba mu 1959. Chevening, ya boma la Britain, idayamba mu 1983. Iyo imalipirira Masters ya chaka chimodzi, ulendo ndi zakudya zomwe, koma imafuna munthu amene wagwira ntchito zaka ziŵiri, ndiponso wolonjeza kubwerera kwawo kwa zaka zina ziŵiri. Beit Trust imathandiza anthu a maiko atatu okha: Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe. Canon Collins Trust ndi Mandela Rhodes Foundation amathandiza ofuna kukaphunzira ku South Africa, ndipo Mandela Rhodes imalandira a zaka 19 kufikira 29. Lamulo la zakali likutiphunzitsa kuti wozengereza pa digiri yoyamba amadzitsekera yekha zitseko zina.

Njira yachitatu ndiyo kudzilipirira. Pangano la maphunziro la maiko a SADC la 1997 lidati wophunzira wochokera m'maikoŵa azilipira fizi yofanana ndi ya eni dziko. Ichi chimapeputsa mtolo wa wopita ku Cape Town kapena ku Pretoria, ngakhale kuti nyumba, chakudya, chiphaso cha maphunziro ndi inshuwalansi ya chipatala zimatsalabe pa iye. Kumbukiraninso kuti mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Ndalama zosungira fizi yolipira m'marandi kapena m'mapaundi zidachepa mphamvu usiku umodzi. Nchifukwa chake maphunziro a konkuno, a madzulo kapena a nthaŵi ya tchuthi, ayenera kuganiziridwa poyamba, pakuti fizi yake imalipiridwa m'makwacha ndipo munthu sasiya ntchito.

Wodzilipirira amadalira kusunga. Mabungwe a SACCO, amene mgwirizano wawo wa MUSCCO udayamba mu 1980, amakongoza munthu molingana ndi zimene adasunga, ndipo amadula ngongoleyo pa malipiro a pamwezi. Kuno ku mapiri tilinso ndi mwaŵi wa nthaka. Munda wa mbatata ya kachewere, nyemba kapena kabichi, ukasamalidwa, ungathe kulipira chigawo chimodzi cha fizi chaka ndi chaka. Koma katapila mum'thaŵe, chifukwa chiwongoladzanja chake cha mwezi umodzi chimadya phindu la munda wonse.

Pomaliza, oweruza mapempho amafuna kuona ntchito imene munthu wagwira kale. Yambani lero, pa nthaŵi yanu yoyeserera kuphunzitsa, kusunga kabuku kolembamo zimene mukuona: ana ovutika kuŵerenga, chimene mudayesa, ndi chimene chidatsatira, osatchula maina a anawo. Kabuku kameneka kadzasanduka mutu wa kafukufuku wanu ndiponso mtima wa kalata yanu yopempha thandizo. Sungani bwino ubale ndi aphunzitsi anu a pakoleji, pakuti ndiwo adzakulembereni makalata aumboni. Ambiri amakanidwa kaŵiri kapena katatu asanalandiridwe, koma akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Wokanidwa akonze pempho lake, alembenso chaka chotsatira.